Mimba ya Mwezi Umodzi Si Magazi Chabe

M'sewero limene tinamva pa wailesi munali mkangano pakati pa mayi wachitsikana ndi apongozi ake. Mtsikanayo anali atadumpha mwezi umodzi osasamba, ndipo ankafuna kukayamba sikelo. Apongozi anamuletsa. Iwo anati mimba ya mwezi umodzi ndi magazi chabe, munthu sapita nayo ku chipatala. Anatinso ukaulula msanga, anthu oipa mtima amaimanga. Anamuuza kuti adikire mpaka mwana atayamba kugunda.

Apongoziwo sankamufunira zoipa mpongozi wawo. Iwo ankanena zimene nawonso anauzidwa ali atsikana, ndipo ambiri a ife tinamvapo mawu omwewa kwathu. Tsono lero tiyeni tione chimene chimakhala chikuchitika m'chiberekero m'mwezi woyamba ndi wachiwiri. Mukachidziwa, mudzatha kuweruza nokha ngati kudikira kuli kwabwino.

TIYAMBIRE PA DZIRA LA NKHUKU

Nonse mukudziwa kuti nkhuku imafungatira mazira masiku 21 kuti anapiye aswe. Ena a inu munaswapo dzira limene thadzi linali litafungatira masiku atatu kapena anayi. Pamwamba pa chikasu cha dziralo mumapeza kadontho kofiira, kozunguliridwa ndi timitsempha ta magazi tonga mizu. Mukayang'anitsitsa, pakati pakepo pamakhala pakugunda. Umenewo ndi mtima wa mwanapiye. Nthenga kulibe, mlomo kulibe, koma mtima wayamba kale ntchito.

Dzira la nkhuku ndi limene linaphunzitsa madokotala za chiyambi cha mwana, popeza m'mimba mwa mayi simuoneka. M'chaka cha 1817, Christian Pander, amene ankaphunzira ku Würzburg m'dziko la Germany, anaswa mazira ambirimbiri ofungatiridwa ndi kuwayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Iye anaona kuti mwanapiye asanakhale ndi mutu kapena mapiko, amayamba ali kanthu kafulati ka zigawo zitatu zosanjikizana. Mnzake Karl Ernst von Baer anapitiriza ntchitoyi, ndipo mu 1828 anaonetsa kuti nyama zina za msana zimayambanso motero. Chule, mbuzi, ng'ombe ndi munthu, tonse timayamba ndi zigawo zitatu zimenezi. Mbuzi imabereka patapita miyezi isanu, munthu miyezi isanu ndi inayi, koma chiyambi chake ndi chofanana.

MASABATA AWIRI OYAMBA

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizinthu tamoyo ting'onoting'ono kwambiri totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Mwana amayamba ali selo limodzi, pamene mbewu ya abambo yakumana ndi dzira la amayi. Selo limeneli ndi laling'ono kuposa kadontho ka nsonga ya singano. Limagawikana kukhala awiri, awiriwo anayi, anayiwo asanu ndi atatu, uku likuyenda kupita m'chiberekero. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi kapena lachisanu ndi chiwiri, kampira ka maselo kameneka kamayamba kudzikwirira m'khoma la chiberekero monga mbewu m'nthaka yonyowa. Maselo a kunja amadzasanduka nsengwa, imene imadyetsa mwana. A m'kati ndiwo amadzakhala mwanayo.

Nthawi yonseyi mayi sadziwa kanthu, pakuti tsiku lake losamba silinakwane.

ZIGAWO ZITATU

M'sabata lachitatu, pamene mayi wangozindikira kuti tsiku lake lapitirira, mwana amakhala kanthu kafulati, kakang'ono ngati njere ya chitowe. Pakati pake pamaoneka kamzere. Kamzere kameneka ndi kamene kamaonetsa kumene kudzakhale mutu ndi kumene kudzakhale matako, kumanja ndi kumanzere. Maselo amalowa pa kamzereka ndi kukayala pansi, mpaka patakhala zigawo zitatu. Ganizirani zitenje zitatu zoyalidwa china pamwamba pa chinzake. Chiwalo chilichonse cha mwana wanu chimachokera ku chimodzi mwa zitenje zitatuzi.

Chigawo chapamwamba, chimene mabuku a udokotala amachitcha ectoderm, chimapanga khungu, tsitsi, zikhadabo ndi chikuto cholimba cha mano. Chodabwitsa n'chakuti ubongo, mtsempha waukulu wa mumsana, ndi mitsempha yonse imene timamvera nayo kutentha ndi kupweteka, imachokeranso ku chigawo chomwechi.

Chigawo chapakati, chotchedwa mesoderm, chimapanga mafupa, minofu, mtima, magazi ndi mitsempha yake, ndiponso impso. Ngati mwanayo ndi wamkazi, chiberekero chake chidzachokeranso m'menemu.

Chigawo chapansi, chotchedwa endoderm, chimapindika ndi kukhala njira ya chakudya. Chimapanga m'kati mwa chifu ndi matumbo, m'kati mwa mapapo, chiwindi, ndi m'kati mwa chikhodzodzo.

Ntchitoyi imayenda mofulumira kwambiri. Pofika tsiku la 22 kapena 23, mtima wayamba kugunda. Pakutha pa sabata lachinayi, mwana ndi wamkulu ngati njere ya mpunga, ndipo timphukira ta manja ndi miyendo tayamba kuoneka. Mlomo wapamwamba umalumikizana cha m'sabata lachisanu ndi chimodzi. Pakutha pa masabata asanu ndi atatu, mwana ndi wotalika pafupifupi masentimita atatu, ngati mtedza wosasenda, koma ali ndi nkhope, zala, ndi chiyambi cha ziwalo zonse zikuluzikulu. Miyezi yotsalayo ndi yakuti ziwalozo zikule ndi kukhwima. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya mwana mawuwa ndi oona ndithu.

MSOKO WA KUMSANA

Tiyeni tibwerere ku chitenje chapamwamba chija, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani yathu. Chakumapeto kwa sabata lachitatu, pakati pa chitenjechi pamapindika kuchokera kumutu mpaka kumusi, ndipo pamaoneka ngati khwawa la pakati pa mizere iwiri ya m'munda. Mizere iwiriyo imakwera, imayandikana, kenaka imakumana pamwamba ndi kulumikizana ngati msoko. M'kati mumatsala mphako yonga ya bango. Mbali ya kumutu ya bango limeneli ndi imene imakhala ubongo, ndipo mbali yotsalayo imakhala mtsempha wa mumsana.

Msokowu umayambira cha pakhosi, n'kumapita kumutu ndi kumusi. Kumutu umatsekeka cha pa tsiku la 25, ndipo kumusi pofika tsiku la 28. Ukapanda kutsekeka nthawi imeneyi, sudzatsekekanso wokha. Ukatsala wotsekuka kumusi, mwana amabadwa ndi chotupa kapena bala kumsana, pamwamba pa matako. Madokotala amati spina bifida. Mwana wotere miyendo yake ikhoza kukhala yofooka, akhoza kulephera kusunga mkodzo ndi chimbudzi, ndipo ambiri mutu wawo umadzaza madzi ndi kukula. Msoko ukatsala wotsekuka kumutu, ubongo sumapangika bwino ndipo mwanayo sakhala ndi moyo.

Apa mvetsetsani bwino kawerengedwe kake. Masiku amene ndatchulawa tikuwerenga kuchokera tsiku limene mimba inaima. Mayi amazindikira kuti sanasambe patapita pafupifupi masiku 14 mimba itaima. Kotero masabata awiri okha chidumphire tsiku lanu, msana wa mwana watha kusokedwa. Pamene mukuti mwina ndangochedwa, ndione mwezi wa mawa, ntchitoyo ikutha. Ku sikelo timawerenga kuchokera tsiku loyamba la msambo wanu wotsiriza, ndiye ife timati mimbayo ndi ya masabata asanu ndi limodzi. Kugunda kumene apongozi aja ankati adikire kumamveka cha m'mwezi wachinayi kapena wachisanu, ntchito yonseyi itatha kalekale.

ULUSI WOSOKERA

Telala sangasoke popanda ulusi. Kuti maselo agawikane mofulumira chotere, thupi limafuna vitamini wotchedwa folic acid. Mayi akakhala kuti ali naye wochepa m'thupi pa nthawi imene mimba ikuima, msoko uja ukhoza kutsala.

Zimenezi zinatsimikizika pa kafukufuku wamkulu amene bungwe la Medical Research Council la ku Britain linalengeza mu 1991. Anatenga amayi amene anali atakhalapo kale ndi mimba ya mwana wa vutoli. Mwa amene anamwa folic acid asanatenge mimba ina, vutoli linachepa ndi magawo asanu ndi awiri pa khumi. Mu 1992 kafukufuku wina wa ku Hungary anaonetsa kuti vitamini ameneyu amatetezanso amayi amene sanakumanepo ndi vutoli. Chifukwa cha ichi, dziko la America linalamula kuti kuyambira 1998 folic acid azithiridwa mu ufa wogulitsa, ndipo South Africa inachita chimodzimodzi ndi ufa wa chimanga ndi wa tirigu mu 2003. M'maiko onse awiriwa ana obadwa ndi msana wotsekuka anachepa. Koma ambiri a ife timadya ufa wa chimanga cholima tokha, chogayitsa ku chigayo, ndipo mu ufa wotere simuthiridwa kanthu.

Mibulu yowonjezera magazi imene mumalandira ku sikelo ili ndi zinthu ziwiri: ayironi ndi folic acid. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi azimwa mamiligalamu 0.4 a folic acid tsiku lililonse kuyambira pamene wayamba kufuna mwana. Pa za msana wa mwana, mankhwalawa amathandiza ngati ali kale m'thupi mimba isanaime ndi m'masabata oyambawo. Mukayamba m'mwezi wachisanu, magazi anu adzawonjezeka ndithu, ndipo zimenezo n'zofunika, koma za msoko uja mwachedwa nazo.

Choncho nthawi yabwino yofunsa mibuluyi ndi tsiku limene mwabwera kudzachotsetsa njira yolera ya pamkono kapena lupu, kapena pamene mwaganiza zosiya jakisoni kapena mapiritsi olera. Uzani anamwino kuti mukufuna mwana. Ngati munaberekapo mwana wa chotupa kumsana, nenani musanatenge mimba ina, chifukwa inu mukufunika mlingo waukulu, umene dokotala yekha ndiye angakulembereni.

Ndiwo zathu zilinso ndi vitamini ameneyu. Idyani bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, mpiru ndi therere. Idyani nyemba, nandolo, khobwe ndi mtedza, ndiponso mapeyala, malalanje ndi mapapaya. Masamba musawaphike mpaka kufiirira, ndipo musataye madzi ake, chifukwa vitaminiyu amawonongeka ndi moto wautali ndipo amasungunukira m'madzi. Mazira nawonso ndi abwino. Zoti mayi akadya mazira mwana amabadwa wopanda tsitsi si zoona. Tsitsi limachokera ku chigawo chapamwamba chija, ndipo dzira limangochipatsa chakudya. Komabe ndiwo zokha nthawi zambiri sizikwanira, n'chifukwa chake timati ndiwo ndi mibulu ziyendere limodzi.

ZIMENE ZINGASOKONEZE NTCHITOYI

Khoma la nyumba likadali laliwisi, ngakhale mwana akhoza kulipinda ndi dzanja. Likauma, zimavuta. Mwana wa masabata atatu mpaka asanu ndi atatu ali ngati khoma laliwisi, ndipo zimene mayi wamwa zimamufika kudzera m'magazi.

Dziko linaphunzira zimenezi mowawa. Mu 1957 ku West Germany kunayamba kugulitsidwa mankhwala otchedwa thalidomide, ogonetsa tulo ndi oletsa nseru. Amayi oyembekezera ambiri anawamwa, ndipo ambiri mwa iwo sanamve vuto lililonse. Anawaletsa mu 1961, koma ana oposa 10,000 m'maiko ambiri anabadwa ndi manja kapena miyendo yaifupi kwambiri, ena opanda manja. Amene anavulala kwambiri ndi ana a amayi amene anamwa pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 mimba itaima, nthawi imene manja ndi miyendo zikuphuka.

Tsono ngati mwadumpha tsiku lanu, kapena mukufuna mwana, samalani ndi izi.

Mankhwala ogula pa golosale kapena pa msika: musamwe musanafunse. Kulikonse kumene akukulemberani mankhwala, nenani kuti mwina muli ndi pakati, ngakhale musanatsimikize. Safunsa anadya phula.

Mankhwala a zitsamba: palibe amene amayesa mphamvu yake, ndipo mlingo wa lero sufanana ndi wa mawa. M'miyezi imeneyi asiyeni, ngakhale amene amati ndi olimbitsa mimba.

Mowa: kachasu, masese ndi mowa wa m'mabotolo, onse amafika kwa mwana ndipo akhoza kuwononga ubongo ndi nkhope yake. Palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera. Fodya wosuta ndi wofwenkha nayenso musiyeni.

Kutentha thupi: malungo m'miyezi yoyamba akhoza kuchotsa mimba, ndipo thupi likatentha kwambiri pa nthawi ya msoko uja, chiopsezo chimakula. Gonani m'masikito usiku uliwonse. Mukamva kuphwanya m'thupi, bwerani tsiku lomwelo mudzayezedwe. Fansidar woteteza ku malungo timayamba kupereka mimba ikapitirira miyezi itatu, kotero musamwe nokha wosungira.

Matenda a shuga ndi khunyu: shuga wokwera pa nthawi imene mimba ikuima akhoza kusokoneza mtima ndi msana wa mwana. Mankhwala ena a khunyu, makamaka otchedwa valproate, nawonso amasokoneza msoko. Koma musasiye nokha mankhwala anu, pakuti kugwa muli ndi pakati n'koopsa kwa inu ndi kwa mwana. Onanani ndi dokotala musanatenge mimba kuti aone ngati angakusinthireni.

Ngati mukumwa ma ARV, pitirizani tsiku ndi tsiku. Amateteza inu ndi mwana yemwe. Ku sikelo timayezanso chindoko, chimene chimapha ana ambiri m'mimba koma chimachizika ndi jakisoni chikapezeka msanga.

Mankhwala opopera fodya, thonje ndi tomato: ntchito yosungunula ndi kupopera muwasiyire abambo, ndipo zovala zopopera musazichape ndi manja opanda kanthu.

NANGA ZA KUBISA MIMBA?

Amayi ambiri andifunsa kuti, kodi tizingolengeza mimba ya mwezi umodzi mudzi wonse? Iyayi. Palibe amene akukukakamizani kuuza anzanu a ku mjigo. Zimene mwatiuza m'chipinda choyezera zimathera momwemo, ndipo anamwino saloledwa kuziulula. Ku chipatala anthu amabwera ndi zifukwa zambiri, ndiye amene wakuonani pa mzere sangadziwe chimene mwadzera. Timayeza mkodzo, ndipo patapita sabata limodzi chidumphire tsiku lanu yankho limaoneka bwino.

Kuyambira 2016, WHO imalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ndipo ulendo woyamba ukhale mimba isanapitirire masabata 12. Ife timati mukangodumpha mwezi, bwerani. Mukatha kubwera ndi abambo, n'zabwino kwambiri, pakuti nawonso ayenera kuyezedwa magazi, ndipo akamva okha sadzalimbana nanu za ndiwo kapena za ntchito ya m'munda. Koma ngati abambo atanganidwa kapena ali kutali, musadikire. Bwerani nokha.

Apongozi ndi anakubala musakangane nawo mwachipongwe. Afotokozereni za dzira la nkhuku, pakuti iwo analiona kambirimbiri kuposa inu. Ngati n'kotheka, apempheni akuperekezeni kuti adzamve okha.

MWANA AKABADWA NDI CHILEMA

Pano ndikufuna ndilankhule ndi amayi amene zinawachitikira kale. Nthawi zina mayi amachita zonse bwino, komabe mwana n'kubadwa ndi chotupa kumsana, mlomo wong'ambika kapena mapazi opindika. Nthawi zinanso mimba imachoka m'miyezi yoyamba chifukwa maselo sanagawikane bwino kuyambira pachiyambi. Zimenezi zimachitika m'maiko onse, kwa olemera ndi osauka. Sizitanthauza kuti mayi anayenda ndi mwamuna wina, kapena kuti anaseka munthu wolumala, kapena kuti agogo ena m'mudzi anamulodza. Musadziimbe mlandu, ndipo musalole kuti banja lithe kapena nkhalamba imenyedwe chifukwa cha ichi.

Mwana wotere musamubise m'nyumba. Wa bala kumsana afunika kufika ku chipatala tsiku lomwelo wabadwa, chifukwa balalo likalowa tizilombo, matenda amakwera mpaka ku ubongo. Phimbani pamalopo ndi nsalu yoyera bwino, musapakepo kanthu, ndipo mugonekeni chammbali. Chipatala cha boma chimatumiza ana otere ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James chimene chinatsegulidwa mu 2017, ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Madokotala amatseka balalo, ndipo mutu ukadzaza madzi pali njira yowachotsera. Mlomo wong'ambika umasokedwa. Mapazi opindika amawongoka ndi pulasitala mukayamba mwana akadali wakhanda. Ana ambiri otere amakula, amapita ku sukulu ndi kudzithandiza okha.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Mwana amayamba ndi zigawo zitatu m'sabata lachitatu, ndipo ziwalo zake zonse zimachokera m'menemo.

2. Msana wa mwana umatsekeka masabata awiri okha chidumphire tsiku lanu losamba.

3. Yambani kumwa folic acid pamene mwayamba kufuna mwana, ndipo idyani masamba ndi nyemba tsiku lililonse.

4. Musamwe mowa, zitsamba kapena mankhwala amene azaumoyo sanakulembereni. Amene anakulemberani musasiye musanawafunse.

5. Mukadumpha mwezi umodzi, yambani sikelo.

6. Mwana wobadwa ndi chilema mupite naye ku chipatala msanga.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi kwanuko amayi amayamba sikelo mimba ili ndi miyezi ingati? N'chiyani chimawachedwetsa?

2. Mukanakhala inu mtsikana wa m'sewero uja, mukanawayankha bwanji apongozi popanda kuwanyoza?

3. Ndi ndiwo ziti za masamba zimene zimapezeka kwanu m'chilimwe? Mungatani kuti zisamasowe pakhomo?

4. Kodi m'mudzi mwanu muli mwana wobadwa ndi chilema amene sanapite naye ku chipatala? Gulu lanu lingawathandize bwanji makolo ake?

Zimene mwamvazi mukawauzeko ang'ono anu ndi atsikana amene angolowa kumene m'banja, pakuti iwowo sabwera kuno mpaka mimba itaoneka.